Tsiku limene ndinakana womasulira

Ndisanakwere ndege, mlamu wanga anandikokera pambali. "Kumeneko Amalawi ndi ochepa," anatero. "Mukauza mmodzi, mwauza mpingo wonse."

Ndinabwera ku Thamesmead, mu London, kudzalera mdzukulu wanga wamkazi, poti mayi ake, mwana wanga, ankagwira mashifiti kunyumba yosamalira okalamba. M'sutikesi ndinali ndi chitenje chatsopano chodzamupatsa tsiku lotha msinkhu. Nkhani yoteroyo amayamba kumva ndi agogo.

Mdzukuluyo anafika zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi chitenje chili chipindire. Zovala zake ndinkachapa ndekha, n'kumaziyang'anitsitsa. Ndinaganiza kuti akubisa. Sankabisa kanthu.

Mtsikanayo ankakonda mafilimu akale akuda ndi oyera omwe ankaonetsa pa TV Loweruka masana. Mufilimu ina munali mzungu wamkazi wovala suti ndi chipewa chachimuna, amuna ndi akazi omwe akumusirira. Tsiku lina ndinapeza mdzukulu wanga atavala jekete la malemu bambo ake, akuyeserera mayendedwe a mzunguyo pakati pa sofa ndi TV.

"Vula msanga. Ndiwe mwamuna iwe?"

"Ndi acting chabe, Agogo. Inu mumakayikira ngakhale mkaka wa mufiriji."

Poona kuti sakutha msinkhu, mayi ake anamutengera kuchipatala kukamuyeza. Tsiku lokamva zotsatira analephera kusinthitsa shifiti, ndiye ndinamuperekeza ine. Dokotala, mayi waulemu ndithu, anati aitane womasulira. Ndinakana. Womasulira Chichewa mu London angakhale ndani, ngati si mmodzi wa amayi omwe ndimakhala nawo benchi imodzi Lamulungu ku Croydon? Lero lomwe atandifunsanso, ndikhoza kukananso.

Choncho anamasulira ndi mwanayo, ndi Chichewa chake chothyokathyoka. Dokotala analemba zilembo ziwiri papepala, nalankhula, nadikira.

"Akuti makromozomu anga, tinthu ta m'thupi tosaoneka, ndi achimuna."

Dokotala analankhulanso.

"Akuti chiberekero ndilibe. Sindidzapita kumwezi. Sindidzabereka."

"Afunse ngati pali mankhwala," ndinatero.

Sanafunse. Ankangoyang'ana pepala lija.

Kuyambira pamenepo mafilimu aja ankawaonera ndi diso lina. Anali atawerenga pa intaneti kuti ena mwa akazi otchukawo anabadwa ngati iye. Kaya n'zoona, kaya ndi miseche ya azungu, sindidziwa. Ankaimitsa filimu n'kusendera pafupi ndi galasi la TV.

"Onani mapewa, Agogo. Onani manjawo."

Akazi oti anafa kalekale, iye akuwafunafuna ubale.

"Amenewo ankalipidwa kuti anamize anthu," ndinamuuza.

"Ine ndanamiza ulere. Osadziwanso."

Kenaka amayi a kumpingo anayamba kufunsa. "Mwana uja wakula? Tikukonza chilangizo cha atsikana." Funso lomwelo, masabata otsatizana, maso ali pa ine. Ndinawauza kuti anakula kale, ndinamulangiza ndekha kunyumba. Kuti akhulupirire, Lamulungu lotsatira ndinamuveka chitenje chija.

Amayi aja analulutira. Wina anamutsina tsaya. "Chiuno ichi n'cha mapasa, amayi. Mukonzeke." Mwanayo anagwada, nawomba m'manja, namwetulira mwamanyazi ndendende ngati namwali. Palibe anakayikira.

M'basi pobwerera anamasula chitenjecho, nachipinda bwinobwino, nachiika pamiyendo panga.

"Mwaona, Agogo? Ndimatha."

Chichewa chomaliza chimene anandilankhula n'chimenecho. Atangomaliza sukulu anasamuka. Mayi ake amati ali ku Lewisham, amagulitsa nsapato m'sitolo ina pamalo ogulitsira zinthu aakulu aja, tsitsi anameta, tsiku lina suti, tsiku lina diresi. Foni yanga sayankha. Mawondo anga sakulolanso mabasi awiri, ndipo ndikanapita akanandiona patali n'kulowa kuseri.

Inu amene ndakuuzani izi, sindikukhulupirirani, musadzinamize. Mwina mwamuzindikira kale ndipo pakamwa pakukuyabwani. Koma ndilibe wina woti ndimutume. Mukadutsa kumeneko, lowani ngati mukufuna nsapato. Musamufunse kanthu, musatchule za ine. Mungomuona ngati akudya, ngati ali ndi chofunda m'nyengo yozizira ino.