Anti Lenie Awolotsa Kalavani

Ku De Aar kuno aliyense amadziwa kuti Anti Lenie Beukes amayamba kuyang'ana matayala a galimoto yako asanakupatse moni. Si mwano ayi. Matope akalekezera m'matayala, amadziwa kuti msewu umene wadzera uli bwino. Akafika pachitseko, amadziwa kuti kwinakwake mtsinje wadzuka. Za msewu safunsa wopita, amatero iwo, amafunsa wobwera, ndipo wobwerayo umakhulupirira galimoto yake kuposa pakamwa pake, makamaka akakhala mwamuna.

Moyo wawo wonse anaphikira ana a pasukulu yogonera konko. Amuna awo, Ankolo Gawie, ankagwira ntchito kunjanji. Ana atakula, awiriwa anagula kalavani yakale, kanyumba ka matayala kokhala ndi bedi, mbaula ndi zenera limodzi losatsekeka bwino. Chaka chilichonse mvula ya m'nyengo yozizira ikatha ankaikoka ndi pikapu mpaka kuchigwa cha Biedouw, kumene Gawie anabadwira, kukaona maluwa akutchire. Ntchito anagawana kalekale: Gawie chiwongolero, Lenie madzi. Akafika pakamtsinje kopanda mlatho, Lenie ankavula nsapato, kupinda buluku, n'kulowa m'madzi ndi mtengo wa tsache kufufuza maenje ndi mchenga wofewa. Akatulukira tsidya ankaima pamalo oyenera, Gawie n'kulunjikitsa galimoto pa iwo.

Kenako shuga anayamba kudya maso a Gawie. Dokotala sanabise mawu: mitundu ya zinthu aziionabe chaka chino, koma za chaka chamawa asayembekeze. Kuyendetsa galimoto kunathera pomwepo. Gawie anaseka nazo, akuti wapeza chifukwa chosatsukira mbale, koma m'mawa wina Lenie anawapeza kuseri kwa nyumba akusisita kalavani ngati ng'ombe yomwe ikupita kumsika. Mtima unawawawa, ndipo Lenie mtima ukawawawa salira, amakonza ulendo.

Chaka chimenecho kumadzulo kunagwa mvula yamkuntho yomwe anthu anali ataiwala kuti imagwa. Anthu ankati maluwa atuluka osati masewera, komanso kuti misewu yafumbi yakokoloka. Walira mvula walira matope.

Mwana wawo Elroy anaimba foni kuchokera ku Kimberley.

"Mami, siyani kalavaniyo. Pitani pagalimoto yokha, mukagone kunyumba ya alendo, mawa lake n'kubwerera."

"Iwe, maluwa aja kukakhala mitambo satseguka. Ndipite tsiku limodzi, dzuwa likane kutuluka, bambo ako ndikawaonetse chiyani? Ndikakhala ndi nyumba yanga kumbuyo ndidikira mpaka dzuwalo litope kubisala."

"Koma Mami, simunakokepo kalavani chibadwire."

"Ndinakoka iwe mpaka kumaliza sukulu. Kalavani siyankha."

Anayamba kuphunzira kubweza kalavani chammbuyo pabwalo la tchalitchi, atandanditsa ndowa zakale. Ndowa zingapo zinafera pamenepo. Gawie ankakhala pampando pamthunzi, kapu ya khofi ili m'manja, akumvetsera.

"Yapitanso ina, Lenie?"

"Inali yodontha kale."

Asananyamuke, Lenie anaimbira a ofesi ya misewu, omwe anati mpaka ku Calvinia kuli bwino, kupitirira apo muyende mosamala. Mawu akuti mosamala alibe muyezo, choncho anaimbiranso mlamu wawo wa ku Clanwilliam, mkazi wa m'busa wa ku Williston, ndi mayi wina wogulitsa mikate yootcha m'mbali mwa msewu. Aliyense anali ndi nkhani yake. Lenie analongedza mabisiketi ouma, nthiti za nkhosa, jekiseni wa Gawie, fosholo ndi mtengo wa tsache uja, n'kunyamuka.

Ku Calvinia anaima pomwetsera mafuta ndipo sanafulumire kuchoka. Anadikira mpaka panafika pikapu yonyamula nkhosa, matope ali m'munsi mwa zitseko. Woyendetsa anali bambo wachinyamata wa chipewa chong'ambika.

"Wadzera ku Botterkloof, mwana wanga?"

"Ee, Anti. Paphiri katapila wasalaza kale, koma kamtsinje ka kumunsi kakuyenda. Ndi kalavani sindikudziwa."

Lenie anakanda matope a pachitseko ndi chala. Anali ouma gwa.

"Awa si a lero."

"Ndinawoloka dzulo, Anti."

"Ndiye madzi atsikako. Zikomo. Ndipo tayala lakumbuyoli ulipope."

Phiri la Botterkloof analitsika pang'onopang'ono, kalavani ikukankha kumbuyo, Gawie atagwira lamba ndi manja awiri n'kumanamizira kuimba nyimbo ya m'kwaya. Atafika pakamtsinje kaja anapeza madzi ofiira, otambalala, akuyenda mosafulumira. Lenie anazimitsa galimoto n'kuyamba kumasula nsapato monga mwa masiku onse. Pamenepo ndi pomwe anaona vuto lomwe sanaliganizire ngakhale pang'ono pakukonza konse kuja. Akawoloka n'kuima tsidya, adzayendetsa ndani? Akabwerera kudzayendetsa, adzalunjika pa ndani?

Gawie anali atavula kale nsapato zake.

"Bweretsa mtengowo."

"Gawie, suona."

"Nanga iwe m'madzi ofiirawa unkaona chiyani? Unkaona ndi mapazi. Mapazi ndili nawo."

Lenie anawapatsa mtengowo. Anawaveka chipewa chofiira, kuwalunjikitsa kutsidya, n'kubwerera pachiwongolero. Anawaonerera akulowa, mtengo patsogolo, phazi limodzi, kenako linzake. Madzi anafika m'mawondo. Pakatikati Gawie anadzandira, mtengo unamira mpaka theka, ndipo Lenie anazindikira kuti dzanja lawo lili kale pachitseko. Mantha anawagwira kwambiri. Zaka zonse zija iwo ankaganiza kuti wovutika ndi wolowa m'madzi ozizira, osadziwa kuti pampando wouma pali zake.

"Dzenje lili kumanzere kwanga," anakuwa Gawie. Anasendera kumanja, kufufuzanso, n'kupitirira mpaka anaponda mchenga wouma. Anatembenuka, kuimika mtengo pambali pake ngati msilikali. "Bwera pa ine. Giya yoyamba, ndipo usaime."

"Ndikakugunda?"

"Udzanena kuti ndinali wodontha kale."

Lenie analowa. Madzi anamenya pansi pa galimoto, kalavani inagwedezeka n'kukokera kumbali, koma phazi silinachoke pamoto ndipo maso sanachoke pachipewa chofiira. Atamva matayala a kalavani akukwera pouma, anaima pafupi kwambiri ndi Gawie moti nkhalambayo inasisita boneti osasuntha phazi.

Kuchigwa anapeza mitambo. Maluwa onse anali otseka, dambo lonse lili mbuu ngati udzu wamba. Alendo a tsiku limodzi ankafika, kujambula mitambo, n'kubwerera akudandaula. Lenie anaimika kalavani chammbuyo pansi pa mtengo, kamodzi kokha osagunda kanthu, n'kuyatsa mbaula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadya nthiti, anakangana za zenera lija, ndipo m'mawa uliwonse Lenie ankasuzumira kumwamba.

Tsiku lomwe kunayera, anadikira mpaka dzuwa litatentha. Kenako anagwira Gawie pamkono, kupita nawo pakati pa dambo, n'kuwatembenuza kuti dzuwa likhale kumsana, poti maluwa aja amayang'ana dzuwa, ndipo woliyang'ana nawo amangoona misana yawo.

Gawie anayendetsa maso pang'onopang'ono padambo lonselo.

"Ukuona chiyani?" anafunsa Lenie, mawu atachepa.

"Lalanje. Kuyambira apa mpaka kuphiri. Uko kuli chikasu, eti?"

"Ndi chikasu."

"Zaka zonsezi ndinkafika kuno maso atatopa ndi maenje a mumsewu. Ndinali nditaiwala kuti ndi ambiri chonchi." Anapukuta kumaso ndi chipewa chija. "Tapita ukaime pakati pawo. Ndikufuna ndikusunge m'mutumu pamodzi nawo."

"Ukananena kale ndikanavala juzi yabwino."

"Pita, Lenie."

Lenie anayenda mosamala kuti asaponde duwa, anatembenuka, n'kuima pamalo oyenera monga ankachitira kutsidya kwa mtsinje. Misozi inkatsika koma sanaipukute, kuopa kusuntha. Anaima pomwepo mpaka Gawie atanena yekha kuti basi.