Anandiitana pa Nkhani ya Esinati

Ndinatsimikiza zochoka ku Chia pamene ansembe a ku mishoni ananditsegulira njira yopita ku koleji ya anthu akuda ku Kepi, dziko lakutali kummwera. Ndinali mphunzitsi wamng'ono ku Kota Kota, ndipo mabuku onse a m'kabati ya mishoni ndinali nditawatha. Mlongo wanga Nachisale sananditsutse, ngakhale anatha masiku osandiyang'ana kumaso. Ndinamulonjeza kuti ndi zaka zochepa chabe, n'kukwera sitima ya pamadzi.

Zaka zochepazo zinaswana. Ndinaphunzira filosofi, ndiko kufufuza chimene chagona pansi pa mawu amene anthu amanena. Pambuyo pake ndinaonjezapo maphunziro a zachuma, amene amafunsa kuti wolima ndani ndipo wodya ndani. Anzanga ankandiseka kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma ine sindinavumbwe. Pa koleji pomwepo anandipatsa ntchito yophunzitsa zonse ziwiri, ine mwana wa msodzi, ndipo kufikira lero ndimazinena mosachita manyazi.

Ulemu unalipo, koma kusungulumwa kunali kwakukulu. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndinkapita ku siteshoni ya sitima, osati kukalandira munthu, koma kuti mwina ndimveko wina akulankhula Chinyanja. Malipiro anga sankafika pa a azungu ogwira ntchito yomweyo, komabe msonkho wa nyumba ya Nachisale, fizi ya ana ndi mabulangete ndinkatumiza osaphonya. Makalata a kwathu anali aafupi, poti ankachita kumulembera ena. Kwa anyamata obwera ku migodi ndinamva kuti kumudzi akunditcha mtchona.

Kenaka uthenga unafika wakuti amalume athu anatisiya, ndipo mwini mbumba tsopano ndinali ine. Esinati, mwana wa Nachisale, ankafunidwa ukwati ndi Saidi, Msilamu wa pa Boma, mwana wa a Selemani eni chombo chonyamula katundu. Abale sanakondwe nazo, ndipo mtsikanayo ankati athawa naye, sadzaonekanso. Nachisale analembetsa kuti ndalama sizikhala pamphasa kuyankha ankhoswe. Ndinapempha tchuthi n'kubwera.

Aliyense kumudzi ankati vuto ndi chipembedzo. Sindinafulumire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayenda khomo ndi khomo ndikufunsa monga ndinkafunsira ophunzira anga. Esinati anandiuza kuti tchalitchi chake sachisiya, ndipo Saidi sanamupemphe kutero. Nachisale ndinamukumbutsa kuti achibale athu ena anakwatiwa ndi Asilamu kalekale, ndipo maliro timalira pamodzi. Iye anati, "Achimwene, akamutengera ku Boma, dambo la amayi lija adzaokera ndani mpunga? Msana wanga unatha, ndipo munda wogonera amaupereka kwa ena."

Apo ndinaona fupa la nkhani. Kwathu mkamwini amabwera kudzalima kwa mkazi, koma a ku Boma ankafuna chitengwa. Ndinapita kwa a Selemani, amene anandilandira ndi tiyi, n'kuseka pomva za chikamwini. "Aphunzitsi, mwana wangayo khasu amaligwira ngati nkhafi. Mukufuna akuphereni mpunga?" Nawonso mantha awo anali a manja: Saidi akachoka, chombo adzayendetsa ndani?

Ndinawayalira nyengo za chaka. Nthawi yookera ndi yokolola, banjalo likhale ku Chia. Mpunga ukauma, lipite ku Boma, ndipo chombocho chinyamule mpunga wa mbumba yathu kukaugulitsa kumene mtengo uli wabwino, m'malo moutaya kwa ogula a pafupi. A Selemani anasisita ndevu nthawi yaitali, n'kunena kuti kusukulu kuja sindinangopitira kukavala tayi. Nachisale anavomera atamva kuti nyumba ya Esinati imangidwa pafupi ndi yake. Esinati anagwada, nati, "Zikomo, amalume."

Ndinabwerera ku Kepi kukamaliza zaka zanga za ntchito, ndipo tsopano ndikukalambira kuno ku Chia, pakati pa ana a Esinati. Koma chimene ulendo uja unandionetsa ndinachimva kwa a Selemani pa tsiku la chinkhoswe. Anandiuza kuti ankhoswe awo anayenda ulendo wa ku Chia kuyambira dzinja mpaka chilimwe, ndipo ngakhale panali amuna ena achibale oti akanatha kukana kapena kuvomera, palibe anayerekeza kukhala pamalo panga. Anthu omwe aja onditcha mtchona ankabweza alendowo ndi mawu amodzimodzi: eni ake ali ku Kepi, dikirani abwere.