Moni Umene Unadya Mphindi Zitatu

Belu linalira Gerishomo akadali pa moni.

Munali mu 1951, pasukulu ya mishoni yofolera udzu kufupi ndi Kachulu, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa. Oyendera sukulu awiri anabwera kuchokera ku Zomba kudzasankha mwana mmodzi wa Sitandade 3 woti akapitirize maphunziro kusukulu yogonera komweko. Pamayeso olemba Gerishomo anaposa anzake onse. Chotsala chinali kuimirira n'kulankhula mphindi zitatu pa zimene anaphunzira, wotchi ili patebulo.

Aphunzitsi ake, a Edwadi, anamukonzekeretsa mwaulemu wa kwathu kuno. Mwana anagwada, nawomba m'manja. Analonjera alendo mmodzimmodzi, kuwafunsa za ulendo, za amayi kunyumba, za ana. Analonjera akuluakulu a mpingo. Kenaka anapepesa kuti iye ndi mwana, sadziwa kanthu, akalakwa amukhululukire. Atati atchule za ulimi wa mpunga, belu ngwee.

“Tamva kuti tonse tadzuka bwino,” anatero mlendo wamkuluyo. “Khala pansi.”

Malo anapita kwa wina. Chimene chinamuwawa Gerishomo koposa n'chakuti a Edwadi anauza mudzi wonse kuti mwanayo anachita mantha, pamene iye anangonena zimene anamulowetsa m'mutu, osadumpha ndi liwu limodzi. Bambo woti akamufunsire mlandu analibe. Anaswa sileti yake pamwala, napita kudooko kukasenza matemba.

Muganiza anachenjera pompo? Ayi ndithu. Amayenda wapansi mpaka kumsika wa Zomba, dengu pamutu, n'kumalonjera wogula aliyense mwadongosolo lake lija. Akamafika pofunsa za ana, munthu anali atagula kale kwa mnzake wa pambali. Matemba amabwerera nawo ku Kachulu, mpaka anaidziwa njira kuposa mwini wake.

Tsiku lina mkwiyo unamukwera. Mayi wina wonenepa akudutsa osamuyang'ana n'komwe, Gerishomo anakuwa kuti amuna awo aonda ndipo chifukwa chake iye akuchidziwa. Mayiyo anaima kuti amutukwane. Anamutukwanadi, mpaka makolo ake, koma anachoka ndi milu iwiri ya matemba.

Pamenepo anadziwa chimene sukulu sinamuuze. Munthu wofulumira amakupatsa mpweya umodzi basi. Mawu oyamba amugwire miyendo, achiwiri amuuze chimene wamutengera, moni ubwere ataima. Patatha zaka zinayi Gerishomo anali ndi njinga, ndipo asodzi ankamusungira nsomba asanafike. Koma akamadutsa pasukulu ija amalavula.

Mu 1957 mwana wa mlongo wake, Enelesi, ndiye anali patsogolo mu Sitandade 3, ndipo oyendera sukulu anali kubwera patatha milungu iwiri. Gerishomo akudutsa anamva pawindo ana akuloweza moni womwe uja, liwu ndi liwu, mpaka kupepesa komwe. Anagwetsa njinga, nalowa m'kalasi ndi fungo lake lonse la nsomba.

A Edwadi anamufunsa ngati akufuna kuti ana a eni ake azilankhula ngati ali pamsika, ndiponso ngati ulemu anaugulitsa pamodzi ndi matemba.

“Ulemu wanu uja, aphunzitsi, ndinausenza pamutu zaka zinayi mpaka ku Zomba,” anayankha Gerishomo. “Ukulemera. Mwana uyu simumusenzetsa.”

A Edwadi anamupirikitsa ndi ndodo yolozera pabolodi. Gerishomo anangosamutsira sukulu kudooko, poyanika matemba. Lamulo lake linali limodzi: iye azidutsa akukankha njinga, Enelesi amuimitse ndi mawu oyamba. Akafika pabwato loboola limene linali chapatsogolo asanaime, aziliza belu la njinga, ndiye kuti mwana walephera.

Tsiku loyamba Enelesi anagwada, nati, “Mwaswera bwanji, amalume?” Belu. Lachiwiri anati akufuna kunenako pang'ono za nyanja ngati angamulole. Belu. Mwana analira, chifukwa kuyamba nkhani pamaso pa munthu wamkulu osalonjera kunali ngati kulowa m'nyumba ya eni ake osaodira. Mayi ake anakalipira mlongo wawoyo kuti akuwonongera mwana khalidwe, ndani adzamukwatire wotere? Gerishomo anati wofuna moni yekha akakwatire a Edwadi.

Masiku khumi anamudutsa osacheuka, asodzi akuseka. Tsiku lotsatira Enelesi nayenso anapsa mtima. Sanagwade.

“Likangala amathira madzi m'Chilwa tsiku ndi tsiku, mitsinje ina nayonso. Wotulukamo palibe ndi umodzi womwe. Nanga madziwo amapita kuti?”

Njinga inaima. Gerishomo anabadwira m'mphepete mwa nyanjayo, komabe anafuna kumva yankho lake.

Tsiku la alendo litafika, Gerishomo anaimirira kunja pawindo popeza m'kati anamuletsa. Ana atatu analonjera mpaka belu. Enelesi anaimirira, naika patebulo kadothi koyera ndi mchere kochokera m'mphepete mwa nyanja, naponya funso lake lija. A Edwadi anagwira kumutu. Mlendo amene maso ake sankachoka pawotchi anadzutsa nkhope.

Apa ndi pamene Enelesi anapinda bondo, nati moni kwa nonse akuluakulu, ndipo yankho lili m'dothi ili. Anafotokoza mmene dzuwa limamwera madzi n'kusiya mchere, chifukwa chake madzi a m'Chilwa amamveka mchere pakamwa. Anatsiriza belu lisanalire. Malo anatenga ndi iye, mtsikana woyamba pasukulupo.

Chaka chotsatira a Edwadi anatulukira pakhomo pa Gerishomo, chipewa chili m'manja. Anafunsa za thupi, za amayi, za malonda, za mvula ya chaka chino, za matayala a njinga. Gerishomo anawasiya mpaka mphindi zitatu zitakwana, natambasula dzanja n'kuliza belu.

“Nthawi yatha, aphunzitsi. Mwadzera chiyani?”

Mkuluyo anayankha: “Ana. Lachisanu lililonse. Ubwere ndi njingayo.”

Gerishomo anapitadi kukaphunzitsa anawo, ndipo amalowera pakhomo, ndi fungo lake lomwe lija.

Inu amene belu linakulirani musanatchule chimene munadzera, musakhale pansi n'kuvomera kuti ndinu amantha. Mwina anangokuyambitsirani polakwika. Mkwiyowo musauswere pasileti, upezereni ntchito. Mwayi ukadzabweranso, yambani ndi chimene mwabweretsa, ulemu utsatire pambuyo, sutha. Mtimawo musautaye, mphindi zitatu zina zikubwera.