Jombo za Layisoni

Ndikukumbukira kuti tsiku limenelo kunali chifunga, chija cha mu Julaye chimene chimatsika m'phiri n'kukhala pamudzi mpaka masana. Belu la Misa yachiwiri linali litangoleka kulira. Mphepo inkaomba m'mitengo ya paini kuseri kwa sukulu, ndipo madontho ankagwa kuchokera pamalata limodzilimodzi, ngakhale mvula sinagwe. Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Ine ndi anzanga a timu tinali titakhala pakhonde la kalasi, manja tili m'khwapa, kudikira kuti akuluakulu amalize kukambirana m'katimo. Anatiuza kuti tikhale panja, koma mazenera a kalasiyo analibe magalasi, choncho tinkamva zonse.

Chimenecho chinali chaka changa choyamba mu timu ya mpira ya achinyamata a tchalitchi chathu, chakuno kwa Bembeke. Bambo mfumu anali atabweretsa jombo za mpira, zakuda za mizere yoyera, n'kunena kuti zipite kwa mnyamata amene wasewera bwino koposa mwa onse amene analowa timu chaka chimenecho. Kusankhako anasiyira komiti. Atsopano tinalipo angapo, koma aliyense ankadziwa kuti nkhani ili pa awiri: Layisoni, mwana wa a Maseko, amene ankasewera kutsogolo, ndi ine, amene ndinali goloboyi.

Wa masiku ano sangamvetse kuti jombo zinali chiyani kwa ife. Tonse tinkasewera opanda nsapato. Nyengo yozizira mapazi ankang'aluka kuchidendene, ndipo madzulo a Loweruka amayi ankasungunula kandulo n'kumandidonthezera m'ming'alumo kuti mawa ndithe kumenya mpira. Jombozo ndinaziona kamodzi kokha pa tebulo la bambo mfumu, koma ndinkadziwa ngakhale fungo lake.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kufotokoza. Kwathu anthu saonera mpira atakhala malo amodzi. Amakaunjikana kuseri kwa golo limene timu yawo ikukamwetsako, kuti chigoli chikalowa akhale pafupi ndi kuthamangira m'bwalo. Chigawo choyamba chikatha, mudzi wonse umanyamula njinga, timipando, ana ndi malichero a zitumbuwa, n'kusamukira ku golo linalo. Alendo nawonso amachita chimodzimodzi. Motero goloboyi amatsala yekha pakati pa anthu a timu ina, zigawo zonse ziwiri. Komanso bwalo lathu linali lotukuka pakati, moti munthu akaima ku golo lina ankangoona mutu ndi mapewa a goloboyi wa tsidya linalo. Kukakhala chifunga, ngakhale mutuwo sunkaoneka.

Mu komiti munali anthu atatu. A Jere, amene ankacheka matabwa kuphiri, ndiwo anali wapampando. Panali a Kamanga, aphunzitsi amene ankatiphunzitsa mpira. Wachitatu anali bambo anga, a Ngozo.

"Nkhani iyi ndi yosavuta," anayamba a Jere. "Tonse tili ndi maso. Zigoli za mwana wa a Maseko tadzionera tokha."

"Koma palinso Benedikito," anatero a Kamanga. "Chaka chino pabwalo pano sitinagonjepo."

"Uti ameneyo?"

"Goloboyi wathu. Mwana wa a Ngozo ali apawa."

"Oo, wamtali uja. Mwana wabwino, amatumikira bwino pa Misa. Koma aphunzitsi, mpira unkafika kwake? Ine ndikaponya maso kumunsi ndimangomuona ataima njo, ngati golo lili ndi mitengo itatu."

Anzanga pakhonde anaseka mobisa. Layisoni sanaseke. A Kamanga anayesa kunena kuti timu sipambana ndi zigoli zokha, koma a Jere anawafunsa kuti atchule mpira umodzi umene anaona ine ndikugwira. A Kamanga anasowa poyambira, pakuti nawonso ankaima cha kutsogolo, kukalipira omwetsa zigoli. Potsiriza anati, "A Ngozo, inu mukuti bwanji?"

Ine ndinkayang'ana zala za kumapazi kwanga.

"Ndisaname pa tsiku la Mulungu," anatero bambo. "Mwanayo ndi wanga, koma sindinamuone akuchita chachilendo. Zipite kwa mwana wa a Maseko."

Jombo zinamukulira Layisoni, moti anachita kuikamo mapepala kutsogolo. Tikubwerera kunyumba anandipeza panjira n'kunena kuti, "Bene, ukazifuna uzidzangotenga." Ndinamuyankha kuti mtengo suvala nsapato. Iye anapatukira njira ya kwawo.

Lachitatu lotsatira sindinapite kokonzekera. A Kamanga atatuma mwana kudzandiitana, ndinati kudimba kuli ntchito. Pakhomo sindinachite mwano uliwonse. Ndinkatunga madzi a ng'ombe, ndinkathirira kabichi, ndinkagwada nawo pa pemphero la Korona madzulo. Koma bambo ndinkangowayankha kuti "inde" ndi "ayi," ndipo iwo, poti anali munthu wosalankhula kwambiri, anaganiza kuti ndi kukula.

Patapita mwezi tinatengera mbatatesi kumsewu pa njinga. Tikutsitsa thumba, munthu wina wa chipewa chofiira anaima n'kundiloza.

"Si Nsungwi uyu?"

Ndinamuzindikira. Anali wochemerera timu ya kwa Kaphuka, ndipo dzina la Nsungwi anandipatsa ndi iye chifukwa cha kutalika ndi kuonda kwanga. Ankaima kuseri kwa golo langa ndi kumandiimba nyimbo zonyoza.

"Bambo, mwanayu ndi wanu?" anafunsa. "Ndiye mwatilakwira. Ife kwathu dzina la mwana uyu sititchula pakudya. Tsiku lija tinasewera nanu m'chifunga tinamuwombera mpaka miyendo kutopa. Penate anaigwira. Wathu wina anamuponda dzanja dala, iye n'kungodzuka kupukuta m'kabudula. Ine ndinamugenda ndi mbatatesi yowola pamsana, osatembenuka n'komwe. Mumamudyetsa chiyani?"

"Penate?" anafunsa bambo.

"Simunaione? Nanga munali kuti?"

Munthuyo anandigwira dzanja, n'kuuza anzake kuti abwere adzaone Nsungwi pafupi, kenako anapita.

Pobwerera tinkakankha njinga pa chitunda. Tili pafupi kufika bambo anati, "Bwanji sunanene?"

"Simunafunse," ndinatero.

Ndinamva pambuyo pake kuti bambo anapita kwa a Jere. A Jere anati zachitika zachitika, jombo sangalande mwana amene wavala kale, ndipo m'menemo sanalakwe. Bambo anandipempha kamodzi kokha kuti ndibwerere pagolo. Ndinakana mwaulemu, ndipo sanabwerezenso.

Koma kuyambira Lamulungu lotsatira anasintha poima. Mudzi wonse ukamapita kumtunda, iwo ankatsikira kumunsi, n'kukaima kuseri kwa goloboyi wathu, okhaokha pakati pa alendo, atavala jekete lawo la ku Misa. Chigawo chikatha ankadutsana ndi anzawo pakati pa bwalo, wina uku wina uko. Anthu ankawaseka kuti a Ngozo alowa timu ya adani. Pagolopo panali mnyamata wina, osati ine. Ine ndinkawaona ndili pamsewu, ndikudziwa bwino lomwe amene ankamudikira. Sindinatsike. Ndinkati nawonso alawe kuima pamalo popanda wowaona. Anachita zimenezi zaka ziwiri, mpaka miyendo itayamba kuwavuta. Bambo anga anamwalira asanandioneko ndikugwira mpira.

Nkhaniyi ndinaisunga nthawi yaitali kuposa momwe inayenera. Ndinakula, ndinakwatira, ndinakhala mkulu wa mphakati wathu wa tchalitchi. A Jere ndinkawapatsa moni ndi manja awiri, koma mawu aja a mitengo itatu sanachoke. Sindinawatchulepo ngakhale pa kulapa, chifukwa ndinkaona kuti wolakwiridwa ndine.

Mkazi wanga Nambewe anamwalira zaka zitatu zapitazo. Anthu kuno ankanditama kuti mbewu yanga ya mbatatesi siwola, ndipo ndinkavomera. Chaka choyamba iye kulibe, theka la mbewu linawola m'chipinda. Mwana wanga wamkazi ndiye anandiuza kuti amayi ake ankalowamo m'mawa uliwonse ine ndili kudimba, kutembenuza imodziimodzi ndi kuchotsa zoyamba kufewa. Zaka makumi atatu ndinali m'nyumba imodzi ndi iye, osadziwa. Sindinali munthu wankhanza. Ndinkangoyang'ana kumene kunkachokera phokoso.

Ndinakhala pakhomo la chipindacho, fungo la mbatatesi yowola lili m'mphuno, ndipo chimene chinandibwerera ndi mawu a bambo m'kalasi muja. Sananame. Ananena zimene anaona, ali pamene mudzi wonse unkaima. Atadziwa, anasamuka poima, pamaso pa anthu owaseka. Ine ndinadziwa mochedwa, woti ndikaime kumbuyo kwake atapita kale.

Masiku ano ndikapita kukaonera ana akusewera, ndimaima kuseri kwa goloboyi wathu. Ndipo pamphakati pakabuka nkhani yoti wagwira ntchito ndani, ndimayamba ndafunsa kuti ife oweruzafe tinaima pati.

Layisoni alipo, amakhoma zidebe pamsika, ndipo chaka chatha ndinamupepesa za mawu aja a panjira. Anali ataiwala. A Jere, a Kamanga ndi bambo agona manda amodzi, kuseri kwa mapaini. Pa tsiku lokumbukira akufa ndinalambula pa onse atatu ndisanapite pa Nambewe. Ndinawakhululukira.