Tsiku limene ndinakana amayi pa Ntaja

Kwathu ndi kuseri kwa Chikweo, kumene msewu umathera n'kuyamba dambo. Ndikamakumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 8, chimayamba kundifikira ndi fungo: la chimanga chowolera m'madzi, la zofunda zosauma, la matope akuda onunkha ngati nsomba. Mvula inagwa masiku ambiri osapumira, madzi nasefukira kutenga minda, nkhokwe ndi nyumba zonse za kumunsi. Yathu inayamba yagwa khoma limodzi, kenako inangokhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Tinathawira kusukulu, ndipo m'kalasi momwe ndinkaphunziramo masamu ndi momwe tinkagona, ine, amayi ndi ana awo awiri.

Ndinene msanga kuti amene ndikuwatchula amayi pano sanandibereke. Anali ang'ono awo a mayi wondibereka, amene adamwalira ndili ndi zaka zitatu, bambo atatsogola kale. Koma kwathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako, nkhani yathera pomwepo. Manda ndinkawadziwa, chaka ndi chaka tinkapita kukalambula. Chikhalirecho mawu akuti wamasiye sindinkawayesa anga. Ndinkaona ngati wamasiye ndi mwana wopanda womumeta, wopanda womuchotsa matekenya, wopanda womufunsa kumene wachedwa. Ine ndinali naye wondikalipira m'mawa ndi madzulo, ndipo dzanja lawo likatera pamsana, unkadziwa kuti uli ndi kholo.

Tili pasukulupo kunabwera galimoto loyera, litanyamula amayi anayi a bungwe lina la amayi a kutsidya kwa nyanja. Nkhope zawo zinali zitafiira ndi dzuwa, ndipo zitenje anamanga momvetsa chisoni, moti wina ankayenda dzanja limodzi lili m'chiuno kuopa kuchita manyazi pagulu. Tinkaseka chobisa. Koma ndisawanamizire, anali anthu abwino. Anatipatsa ufa, nyemba, ndowa, mabulangete, maneti a udzudzu ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Ndinaona ndi maso anga mmodzi wa iwo atanyamula khanda lotsegula m'mimba, osakwinya mphuno ngakhale pang'ono. Pochoka tinawaimbira nyimbo mpaka mawu kusasa.

Madzi ataphwa ndinalemba mayeso, ndipo zotsatira zitatuluka dzina langa linali pa osankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko ku Balaka. Amayi anaimba nthungululu mpaka nkhuku kubalalika. Tsiku lotsatira anangokhala pakhonde la kanyumba kathu katsopano, akuyang'ana kumunda kumene kunali mchenga wokhawokha. Fizi, yunifolomu, matiresi, zonsezi zikanachokera kuti? Ndiye mungamvetse mmene tinasangalalira ahedi athu, a Matola, atalengeza kuti amayi a bungwe aja akubweranso, ulendo uno kudzatenga atsikana amasiye osankhidwa kuti awaphunzitse mpaka Fomu 4. Dzina langa analilemba pamwamba penipeni.

Amayi a bungwewo atafika, anatifunsa mmodzimmodzi pansi pa mtengo wa mango. Ndinadzola mafuta mpaka kuwala, ndinabwereka nsapato zothina, ndipo amayi anandilangiza kuti ndikagwade, ndikayankhe zoona, ndisakachite ngati wosalerekera. Womasulira anali mayi wa ku Balaka wovala magalasi, wothamanga ndi nthawi, maso pa pepala.

"Bambo ako alipo?"

"Adamwalira."

"Nanga amayi?"

"Alipo," ndinatero. "Apita kudimba. Akupereka moni."

Monimo ndinawonjezera ndekha, kufuna kuoneka mwana wamwambo. Mzungu wamkulu pa onse, wa imvi zodula pafupi, anamwetulira mokoma, cholembera chake nichita kakhwatchu kakang'ono papepala. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti sindinanjenjemere ngati anzanga.

Patatha sabata a Matola anafika pakhomo pathu thukuta lili kamukamu. Sanadikire ndi mpando womwe.

"Lusiya, unawauza chiyani azungu aja? Dzina lako alifufuta. Akuti uli ndi mayi."

"Nanga si awa?" ndinayankha, ndikuloza amayi amene ankapeta mphale.

A Matola anagwira mutu. Amayi anaika lichero pansi pang'onopang'ono. Sanandikalipire, ndipo ndi pamene ndinadziwa kuti ndalakwitsa chachikulu. Anangofunsa kumene azunguwo ali. Ahedi anati ali pa Ntaja, akugawa maneti, ndipo mawa lake madzulo anyamuka.

Tinanyamuka mbandakucha pa njinga yobwereka, amayi akupalasa, ine pakaliyala. Amayi anali munthu wochepa thupi, njinga yaitali, moti ankachita kupendekeka uku ndi uku kuti afikire mapedulo. Pamchenga tinkatsika n'kukankha. Ndimakumbukira fumbi m'mano, minda ya thonje ndi chinangwa ikudutsa, ndi bulauzi lawo likudetsedwa ndi thukuta kuyambira m'khosi kutsika mpaka m'chiuno. Njira yonse ananena chinthu chimodzi chokha: "Tikafika, ndiyankhula ndine. Akakufunsa, uvomereze zimene ndanena."

Tinafika azana yoitanira mapemphero a masana ikumveka pamzikiti. Tinadutsa pakati pa akabaza ndi ogulitsa usipa mpaka pabwalo limene panali mzere wa amayi oyembekezera ndi a ana kumbuyo. Amayi sanaime pamzere. Anapita molunjika patebulo, nagwada m'fumbi pamaso pa anthu onsewo.

"Pepani, mundiwuzire azunguwa," anatero kwa womasulira uja. "Mwana uyu si wanga. Sindinamubereke ine. Mayi wake ali kumanda, ine ndimangomusunga."

Ndimangomusunga. Ngati mbuzi ya eni. Ndinkadziwa chifukwa chake akutero, komabe mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa. Womasulira anatsitsa magalasi n'kundiyang'ana.

"Iwe mtsikana, tsiku lija unati uli ndi amayi. Tiuze zoona. Awa ndi amayi ako?"

Amayi ali chigwadire anandiponyera diso lija limene linkandiimitsa ngakhale ndili kutsidya kwa bwalo.

"Iyayi," ndinanong'ona.

"Kweza mawu, amve."

"Iyayi, si amayi anga."

Ndinanena kawiri, pamsika wa Ntaja, anthu akumva. Mayi wina pamzere anatsonya, kaya ankatsonya ine kaya womasulira, sindikudziwa mpaka lero.

Mzungu wa imvi uja anamvetsera zonse, maso ake nadzaza misozi. Anayankhula nthawi yaitali, ndipo womasulira anadula mwachidule. Maina anatumizidwa kale kwawo, ndipo mtsikana aliyense wapezeredwa kale mayi wakumeneko woti azimulipirira. Malo atha. Tiyese chaka chamawa. Kenako mzunguyo anandikumbatira, akununkhira sopo wabwino, nandipatsa makope atatu ndi cholembera. Amayi anathokoza, anaomba m'manja mwaulemu, anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo.

Pobwerera ndinakhalanso pakaliyala, makope aja ali m'manja. Ndinkafuna kupepesa, koma kupepesako kunayenera kuyamba ndi mawu akuti amayi, ndipo pakamwa panga panakana kuwatchula. Ndinakhala masiku angapo ndikungoyamba nkhani pakati, ngati mlendo wosadziwa dzina la mwini khomo. Iwo sanaikumbutsenso nkhani ya pa Ntaja mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Chaka chamawa chija sichinafike. Tinamva kuti kwagwa tsoka lalikulu kudziko lina, ndipo amayi a bungwe apita kumeneko. Sindikuti analakwa, kumenekonso kunali anthu. Koma ndinakwiya, ndipo ndikanama ndikati mkwiyowo unatha. Anaoloka nyanja kudzatithandiza, anaphunzira kunena zikomo, anayesa ngakhale kumanga chitenje, koma panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale womasulira wakwathu konkuno, amene anaganiza zondifunsa funso lachiwiri: amayi ati? Mnzanga Asiyatu, amene ankakhala ndi agogo ake, anayankha mosavuta kuti alibe mayi. Anamutenga, ndipo lero ndi namwino. Sindimuchitira nsanje, koma ndikamuona atavala zoyera ndimatembenukira kumbali.

Malo anga ku Balaka anapatsidwa wina. Ndinalima dimba ndi amayi zaka zingapo, kenako ndinakwatiwa kuno ku Phalula, kumene ndimagulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu. Magalimoto oyera a mabungwe amadutsa tsiku ndi tsiku, ena amaima n'kugula, ndipo amanenerera mtengo kuposa madalaivala a malole.

Zinthu zasintha, sindikana. Mabungwe achuluka, mafomu awo atalika, ndipo maina amatumizidwa pa foni munthu usanadzuke pampando. Ana a masiku ano ndi ochenjera. Mng'ono wa mayi wawo akumutcha anti, ndipo mwana wa zaka zisanu amatha kukufotokozera amene anamubereka ndi amene akungomusunga. Cholakwa changa sangachichite. Ena amati kumeneko ndi kutsogola. Ine ndimaona kuti tinaphunzitsidwa kudula ubale m'zidutswa zoti zikwane m'timabokosi ta pepala, ndipo tinaphunzira msanga chifukwa njala ndi sukulu zinatikakamiza.

Mng'ono wanga, mwana wa amayi aja, adamwalira zaka zapitazo n'kundisiyira mtsikana wake Tadala ali wa m'manja. Mwezi watha anabwera kuchokera kusukulu ndi fomu ya bungwe lina lothandiza atsikana. Anakhala pamphasa, cholembera m'kamwa, kenako anadzutsa mutu.

"Amayi, apa akufunsa ngati ndili ndi mayi. Ndilembe dzina lanu lonse?"

"Lemba kuti ulibe," ndinatero.

"Koma amayi, inu si muli pano?"

"Ndati lemba kuti ulibe."

Ndinaima pomwepo mpaka atalemba, ndinaonetsetsa kuti zilembo zikuwerengeka bwino, kenako ndinapita kuseri kwa nyumba kuti asandione nkhope.