Anajambula Mtembo pa Doko

Ine ndimasambitsa maliro a akazi kuno kwathu, ndipo ntchitoyi ili ndi lamulo lake: zimene zili pansi pa nsalu n'za mwini wake. Ngakhale ife osambitsafe sitiyang'ana. Ena amagwira nsalu pamwamba, manja okha ndiwo amalowa pansi. N'chifukwa chake zimene anachita mwana wa mchemwali wanga, mtsikana amene ndimamulera ndekha, zimandipsetsabe mtima mpaka lero.

Unali m'mawa, mphepo ya mwera itangoleka. Bwato lochokera ku Makanjira linali litagubuduzika dzana lake, ndipo mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, wogulitsa usipa, amene anali m'bwatomo, anali asanapezeke. Asodzi anamupeza m'khoka n'kumugoneka pamchenga, zovala zitapita ndi madzi. Ndikufika ndinapeza achinyamata atamuzungulira, mafoni ali m'mwamba. Panalibe ndi mmodzi yemwe woganiza zomufunditsa. Kutsogolo kwenikweni kunali mwana wathuyo, atawerama kuti ajambule bwino.

Ndinavula chitenje chapamwamba n'kumufunditsa malemuyo, kenako ndinawalalatira, sindibisa. Ndinawafunsa ngati anabadwa kwa akazi kapena anachita kutoledwa kudzala. Mnyamata wina anayankha mwamwano kuti akuthandiza abale kuti amuzindikire. Kumuzindikira ndi ntchafu? Munthu woti mudzi wonse umamudziwa! Zaziii.

Mtima wanga unali pa mayi a malemuyo, nkhalamba ya BP imene inkayembekezerabe kuti mwana wake apezeka wamoyo. Kwathu kuno uthenga wa maliro umapita ndi munthu. Amafika, amakhala pansi, amalonjeredwa, kenako n'kumaunena pang'onopang'ono. Ndinalanda foni ya mwana wathuyo kuti afufute kanema amene anajambulayo ine ndikuona, koma anati watumiza kale pa gulu la anzake a kusukulu. Anatero maso ali gwa, akuti aliyense akutumiza.

Ashehe anatuma amuna awiri kukanena. Anapeza mayi uja akugubuduka kale pabwalo. Mwana wa aneba anali atawaonetsa kanemayo pafoni, iwo ali pakati potsuka mbale.

Nthawi yosambitsa itakwana, ndinamukoka mwana wathuyo padzanja mpaka m'chipinda. Azimayi anzanga anang'ung'udza kuti mtsikana wosakwatiwa salowa kosambitsa. Ndinati woona kale zonse padoko, lero aone mmene timabisira. Ndinamupatsa nsonga ya nsalu, n'kumuuza kuti maso akhale kukhoma, ndipo ikangotsika aona polekera. Anagwira. Thukuta linali kamukamu, koma sindinalole wina kumulandira. Chifundo ndinalibe tsiku limenelo, ndipo sindikudandaula.

Tisanamuveke sanda malemuyo, mayi ake analowa atagwiriziridwa kuti amuone nkhope komaliza. Anamusisita pachipumi, osalira, misozi inali itatha. Potembenuka anaona mtsikana wogwira nsaluyo. Sankadziwa kuti kanema uja anachokera m'manja omwewo. Anamugwira pamkono n'kunena motsitsa:

"Zikomo mwanangu, wandibisira mwana wanga. Anzako amuonetsa dziko lonse."

Mwana wathuyo anayamba kusisima, akundiyang'ana ngati ndimupulumutse. Sindinamutonthoze. Ndinangomuuza kuti akweze nsalu, mbali yake inali itatsika.