Ndinati Bakapu Ilipo Ndisanayang'ane

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mamawa. Unali mwezi wa Okutobala, nyenje zikulira osapuma m'mitengo ya mango, chigayo cha pamsika chikulira n'kusiya, kulira n'kusiya, monga chimachitira magetsi akafooka. Malata a ofesi ankathetheka pamutu panga. Ndimazikumbukira zonsezi chifukwa ndilo tsiku limene ndinayankha funso ndisanayang'ane, ndipo yankho langalo linataya ntchito ya zaka zitatu, n'kumana mwana wa eni chinthu chimene sindingathe kumubwezera. Inu owerenga, makamaka amene mwasungitsidwa maina a anthu m'kompyuta, imvani zimene zinandichitikira.

Ndine mlembi pa ofesi ya parishi ina kuno ku Mchinji. Ndinali mphunzitsi, ndipo nditapuma anandipempha kuti ndizisunga mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a maliro. Kompyuta itabwera, panafunika kusamutsa maina onse a m'mabuku akale kulowa mu pulogalamu ina imene odziwa amaitcha detabesi. Ine ndinkangoitcha kaundula. Maso anga ndi ofooka, ndipo zolemba za ansembe akale n'zopindikapindika, choncho malemu mkazi wanga ankakhala pambali panga kuwerenga mokweza, ine n'kumatayipa ndi zala ziwiri. Mayi ameneyu ankadziwa anthu. Akawerenga dzina sankangopitirira. Ankati uyu makolo ake anali matenanti pa esiteti yakuti, amene anamugwira pa ubatizo ndi auje, ndipo ine ndinkalemba zonsezo pa malo a ndemanga. Tinatha zaka zitatu tikuchita zimenezi. Chaka chotsatira anadwala, Ambuye n'kumutenga.

Mabuku akale aja tinakawaika m'chipinda chosungiramo katundu. Denga linadontha, chiswe n'kumaliza zotsala, makamaka buku la matchalitchi a kumaesiteti. Palibe anada nkhawa. Tonse tinkati zonse zili m'kompyuta.

Amene anatiikira pulogalamu poyamba anandiphunzitsa kukopera kaundula yense mu fulashi, kachipangizo kakang'ono kosungira za m'kompyuta, mwezi uliwonse. Kumeneko ndiko amati bakapu. Ndinkachita, ngakhale mkazi wanga atamwalira ndinayamba kudumphitsa miyezi. Fulashiyo inkakhala m'kabati. Tsiku lina mkulu wa kwaya anabwera kudzaibwereka, akuti aikemo nyimbo zoti anzake aphunzire. Ine ndi munthu wovutika kukana. Ndinawapatsa osawauza chimene chinali m'katimo, poganiza kuti nyimbo zidzangokhala pambali pa maina. Patatha sabata anabweza, ndinathokoza, n'kuiponya m'kabati osaitsegula.

Kutatsala masiku ochepa kuti tsiku ndikunenali lifike, kunabwera mtsikana wina dzina lake Esinati. Anabadwira pa esiteti ya fodya cha ku Chiosya, makolo ake ali matenanti ochokera ku Mulanje, ndipo anabatizidwa ali wakhanda pa tchalitchi chathu china cha kumeneko. Banja lawo linasamukira mbali ya kwa Zulu, m'parishi ina. Ankafuna kalata ya ubatizo kuti amange ukwati woyera mvula isanayambe, chifukwa bambo ake anali kudwala kwambiri ndipo ankafunitsitsa kumuperekeza okha kuguwa. Ndinalemba dzina lake m'kompyuta, n'kutulukira pomwepo, pamodzi ndi ndemanga ya mkazi wanga. Ndinamuwerengera, iye n'kumwetulira. Koma bambo mfumu, amene amasaina makalata, anali atachoka. Pepala linali pomwepo, cholembera chili m'thumba la malaya. Ndikanangolemba tsiku la ubatizo ndi dzina la amene anamugwira. M'malo mwake ndinati, “Ubwere Lachisanu mwananga, dzina silithawa.”

Lachitatu lake ndi pamene kunabwera amuna awiri ochokera ku Lilongwe kudzasintha pulogalamu yakale kuti aike yatsopano. Mmodzi anali mphwawo wa a tcheya a khonsolo ya tchalitchi, winayo mnzake. Anali aulemu ndithu, ansangala, zikwama kumsana. Asanayambe, mphwawo wa a tcheya anandifunsa akuyang'ana pa foni yake, “Madala, bakapu ilipo eti?” Ndinati ilipo, ili m'kabatimu. Iye sanapemphe kuiona, inenso sindinaitulutse.

Anayamba. Pa kompyuta panabwera kamzere kobiriwira koyenda pang'onopang'ono, ndipo anandiuza kuti maina akusamutsidwa kuchoka mu dongosolo lakale kulowa mu latsopano. Kamzereko katangopitirira theka, chigayo chinasiya kulira, magetsi n'kuzima. Kabokosi ka batire kothandiza zikatero kanali katafa kale, ndipo ndinali nditanena kukhonsolo kamodzi kokha n'kusiya, poopa kuoneka wovuta.

Magetsi atabwera, pulogalamu yakale inakana kutseguka. Yatsopano nayonso inakana. Pankangobwera mawu ofiira a Chingerezi onena kuti ntchito yalephereka. Anazimitsa n'kuyatsanso. Anayesa kuikanso yatsopano, kompyuta n'kunena kuti muli kale ina. Anachotsa yakaleyo, kuyesanso, kukananso. Wina ankawerenga malangizo pa foni, wina akudina. Thukuta linali kamukamu, koma ankasekabe. “Aise, si iwe umati izi umapanga utatsinzina?” Mnzakeyo anati, “Zachepa izi, ingogwira foniyo bwino.”

Chakumasana anapeza chimene amati chikutchinga. Inali foda ina yaikulu imene pulogalamu yakale inasiya. Mphwawo wa a tcheya anatembenuka nati, “Madala, tichotse iyi tiyambire poyera, kenaka tibwezeretsa za mu fulashi yanu ija.” Ndinadziwa kuti foda yaikulu choncho singakhale zinyalala. Mawu anafika pakamwa oti tiyambe taona fulashiyo. Koma anali alendo, ophunzira, abale a akuluakulu, ndipo ine ndinaleredwa kuti mlendo wodziwa ntchito yake sumuphunzitsa. Ndinati, “Odziwa ndinu.” Kompyuta inafunsa ngati tikutsimikiza, chifukwa fodayo ikachoka ichokeratu. Anadina kuvomera.

Anaikanso pulogalamu kawiri, ikukana pa zifukwa zina, kachitatu n'kutheka. Anawomberana m'manja. Inatseguka yokongola, yamitundu yatsopano, koma mulibe dzina ndi limodzi lomwe. Ndinatulutsa fulashi m'kabati, iwo n'kuilowetsa. Munali nyimbo zokhazokha. Wina anadina imodzi mwangozi, ofesi yonse n'kudzaza ndi mawu a kwaya, mpaka mnzake anaizimitsa. Pambuyo pake ndinamva kuti munthu wokopera nyimbo kuboma anaipukuta yonse asanaikemo nyimbozo, akuti inali ndi vairasi.

Kuseka kunatha. Anayesa izi ndi izo kwa kanthawi, kenaka anati ayenera kukapeza galimoto dzuwa lisanapendeke, adzandiimbira. Sanaimbe. Ine ndikaimba foni inkangoitana. Kukhonsolo a tcheya ananena kuti achinyamata anagwira ntchito yawo bwino, koma mlembi ndiye wakalamba. Mkulu wa kwaya anati sindinawauze kuti mu fulashi munali zofunika. Zimenezo zinali zoona.

Lachisanu Esinati anabwera pa njinga, atavala chitenje chatsopano. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera. Anandiyang'ana nati, “Koma bambo, munaliona dzina langa. Munandiwerengera nokha.” Ndinati ndinaliona. Koma kuona kwanga sikunali kalata. Tsiku la ubatizo sindinalisunge m'mutu, ndipo pa ndemanga ya mkazi wanga ndinangokumbukira kuti amene anamugwira anali a Nachisale. Mayi ake a Esinati nawonso ankangodziwa dzina lomwelo, ndi kuti chinali chaka cha fodya wambiri.

Ndinanyamula kompyuta m'katoni kupita nayo ku Lilongwe kwa mayi wina wodziwa kubweza zofufutika. Anandimvetsera modekha, kenaka anandiuza zinthu zimene zimandiwawabe. Anati magetsi atazima maina ambiri anali adakalipo m'foda ija. Chofunika chinali kuikopera pena, kapena kungoisintha dzina kuti isatchinge, basi. Anatinso ngakhale itafufutidwa, tikanazimitsa kompyuta nthawi yomweyo akanabweza pafupifupi zonse, koma kuika pulogalamu katatu kunali ngati kulima pamwamba pa manda. Anagwira ntchito masiku angapo. Anabweza maukwati ndi maina a zaka zaposachedwa. Za kumaesiteti zinatuluka zidutswazidutswa, zilembo zosawerengeka. Esinati munalibe. Ndemanga za mkazi wanga, zonse zimene ankadziwa za anthu aja, zinapita.

Bambo mfumu sanandikalipire. Anati kalata itha kulembedwa ngati patapezeka mboni imene inalipo pa ubatizowo kupatula makolo, chifukwa ansembe a parishi inayo ankafuna umboni wokwanira. Katekisiti wa nthawi imeneyo anali atamwalira. Ndiye ndinayamba kufunafuna a Nachisale. Amene mukudziwa moyo wa matenanti mukumvetsa: chaka chino ali pano, chaka chamawa ali ku Kasungu, ndipo a Nachisale alipo pa esiteti iliyonse. Ndinapalasa njinga Disembala ndi Januwale yense, m'matope, ndikaweruka ku ofesi ndi Loweruka lililonse. Ndinkaima pa zigafa kufunsa anthu ali kalikiliki kusoka fodya. Ena ankandiloza kwina, ena ankaganiza kuti ndabwera kudzalemba maina a thandizo. Mawondo anatupa. Ndikafika kunyumba kunalibe wondifunsa kuti zayenda bwanji, ndipo ndinkadziwa kuti amene akanandiuza pomwepo kumene kuli a Nachisale ndi mkazi wanga yemwe ndinamuika m'manda.

Ndinawapeza mu Febuluwale, tsidya la malire, m'mudzi umene anakwatiwako. Anakumbukira zonse, ngakhale mtundu wa nsalu imene anamufunditsa mwanayo. Anabwera, anachitira umboni, kalata inalembedwa. Koma nyengo ya Lenti inali itayandikira, ndipo ukwati unaikidwa Pasaka ikapita. Bambo ake a Esinati anamwalira mu Malichi.

Ndinapita kumaliro. Ndinakhala kumbuyo, pansi pa mtengo. Mayi ake a Esinati atandizindikira anandipatsa moni bwinobwino, opanda mkwiyo, n'kungonena kuti malemu ankafunsa m'mawa uliwonse ngati kalata yabwera. Ukwati unachitika ndithu, malume ake ndiwo anamuperekeza. Ndinapitanso, koma sindinakhale nawo pa madyerero.

Inu owerenga, ndatopa nayo nkhani imeneyi, koma ndiyenera kuimaliza ndi zimene ndaphunzira. Munthu akakufunsani ngati bakapu ilipo, musayankhe ndi pakamwa. Itulutseni, muitsegule, muone maina ndi maso anu, iye ali pomwepo. Fulashi ya ntchito siyobwereketsa, ngakhale wobwerekayo ndi munthu amene mumapemphera naye, ndipo imodzi siikwanira. Ntchito yosintha pulogalamu musaiyambe pamene magetsi akuphethira. Ikalephereka pakati, imani. Musalole kuti chilichonse chifufutidwe chisanakoperedwe pena, ngakhale wodziwayo akunena kuti chikutchinga. Ndipo ngati chafufutidwa kale, zimitsani, musaikenso kanthu, mufunse wina. Mabuku a mapepala musawataye chifukwa choti mwagula makina. Koposa zonse, ulemu usakutsekeni pakamwa. Ine ndinaopa kuchititsa manyazi alendo kwa mphindi imodzi, ndipo amene analipira ndi munthu wodwala amene sanalowepo n'komwe mu ofesi yanga.

Panopa ndikulembanso kaundula wa kumaesiteti, dzina limodzi limodzi, pofunsa anthu akabwera. Ndimawerenga ndekha ndi galasi lokulitsira zilembo. Mpando umene ankakhalapo mkazi wanga udakali pomwepo. Mkulu wa kwaya anabwera tsiku lina ndi fulashi yatsopano, anaiika patebulo osanena zambiri. Mphwawo wa a tcheya ndinakumana naye pakhomo la tchalitchi pa Khirisimasi, anandipatsa moni akuyang'ana pansi. Sanapepese, ndipo a tcheya sanabweze mawu awo. Esinati amandipatsa moni tikakumana. Ngati anandikhululukira, sindinalimbe mtima kumufunsa, ndipo si ngongole yake kutero.

Zimene zinali m'manja mwanga ndinachita. Amuna awiri aja, a tcheya ndi mkulu wa kwaya, onsewo ndinawakhululukira.